Dzina Limene Tsabola Sanalembe

Sopo anatha Lachitatu, ndipo Tsabola anaonetsetsa kuti mzere wonse wa nyumba wamva za nkhaniyi. Anatuluka m'bafa atatsina kachidutswa kopyapyala n'kukakaponya pa mashini osokera a mayi ake, pamwamba penipeni pa nsalu ya kasitomala.

"Amayi, taonani. Sopo uyu tinatsegula Lolemba lomweli. M'nyumba muno mwalowa khoswe kapena?"

"Chotsa icho pansalu ya eni ake," anatero mayi ake osadzutsa mutu, phazi likupalasabe mashini.

"Ndichotsa, koma mumuuze mlendo wanuyo kuti sopo sadya."

Mlendo amene ankanenedwayo anali kuseri, akutsuka makapu. Anamva zonse, nanga khoma la nyumba ya zipinda ziwiri lingabise chiyani? Koma sanayankhe. Anangopitiriza kutsuka kapu imene inali itayera kale. Kusayankha kumeneku ndi kumene kunkamuwotcha mtima kwambiri Tsabola. Munthu ukamulalatira aziyankha kuti mkangano uyende, osati kungoti zii ngati ukulalatira chitsa. Dzina loti Tsabola sanamupatse pachabe anzake a kusukulu, ndipo ngakhale mayi ake anali atatopa n'kuyamba kumuitana lomwelo.

Mlendoyu anali msuweni wake, mwana wa malume ake. Anafika miyezi iwiri m'mbuyomo ndi chikwama chimodzi cha zipi yothyoka. Kumudzi kwawo, munda umene agogo anasiya anaugawana ana asanu ndi mmodzi, kenako mtsinje nawo unabwera n'kudzatengako gawo lake, ndipo tsoka ilo gawolo linali la malume. Sekondale yapafupi inali ulendo wa maola atatu wapansi. Malume anangoimba foni n'kunena kuti, "Achemwali, mwanayu wakhoza mayeso, koma kuno angovunda. Mtengeni." Mayi ake a Tsabola anayankha kuti abwere, ndipo panalibe amene anafunsa Tsabola maganizo ake.

Za sopo zinali zongonamizira. Chimene chinali kukhosi kwa Tsabola chinali bokosi. Bambo ake anali kalipentala, ndipo anapita kudziko lina zaka zinayi zapitazo kukasaka ntchito. Pochoka anasiya bokosi lawo la zida m'chipinda cha Tsabola n'kumuuza kuti, "Undisungire. Ndikabwera ndidzakukhomera shelefu ya mabuku." Loweruka lililonse iye ankapukuta masowo ndi kansanza ka oyilo. Tsiku limene msuweni anafika, mayi ake anakokera bokosilo kukashedi ka makala kuti mphasa ya mlendo ipeze poyala. Denga la kashediko linkadontha, ndipo sowo wamkulu anali atayamba kale dzimbiri m'mano.

Tsiku lomwelo la sopo, mphunzitsi wa jogalafe analowa m'kalasi ya Fomu 2 atapanira mapu wake wokulunga m'khwapa monga mwa nthawi zonse. Ana ankawatchula kuti a Mapu. Anajambula mzere wautali pabolodi.

"Uwu ndi msewu wathu. Ine ndili mwana panali nyumba zisanu ndi ziwiri zokha, zonse zitandanda m'mbali mwa msewu. Kenako kunabwera fakitale ya matabwa, anthu anatsatira ntchito. Kunabwera msika, anthu anatsatira msika." Anayamba kudontheza timadontho kuseri kwa mzere uja, mpaka choko chinathyoka. "Lero nyumba zaunjikana mpaka kungalande. Malo ndi omwe aja, sanakule ndi phazi limodzi lomwe, koma anthu achuluka. Tsono munthu sasamuka popanda chifukwa. Pali zimene zimamukankha kwawo, pali zimene zimamukoka kumene akupitako. Ndani andipatse chokankha chimodzi?"

Ana anatchula chilala, kusefukira kwa madzi, kuchepa kwa minda. Pa zokoka anatchula ntchito, chipatala ndi sukulu. Tsabola anakweza dzanja.

"Sala, ena amakokedwa ndi sopo wa eni."

Kalasi yonse inafa ndi phwete. A Mapu sanaseke. Anadikira phokoso lithe, kenako anatulutsa mtolo wa mapepala.

"Mwaiona buloko yatsopano imene makolo anu amanga. Mukhala kalasi ina ya Fomu 1, ana makumi asanu ndi limodzi basi. Komiti ya sukulu yagwirizana kuti malo ayambe apita kwa ana okhala m'dera lino, ndipo yatipempha kuti tichite kalembera. Aliyense alemba mzere wa nyumba zakwawo. Dzina, zaka, kumene munthu anabadwira, ndipo ngati ndi mwana wofuna malo a Fomu 1, muchonge apa. Lamulo ndi limodzi. Lembani aliyense amene amagona m'nyumbamo. Sindinati amene mumamukonda, sindinati amene mukumuyembekezera. Ndati amene amagona m'nyumbamo. Mapepala amenewa ndi amene komiti isankhirepo mayina, ndiye musasewere nawo."

Loweruka Tsabola anayenda nyumba khumi ndi zinayi za mzere wawo, ndipo kunena zoona ntchito anaigwira bwino. Kwa bambo wowotcherera zitsulo anapeza anthu khumi ndi mmodzi m'zipinda zitatu, kuphatikizapo alamu awo awiri amene anabwera kudzafuna ntchito kufakitale. Anawalemba onse. Kwa mayi ogulitsa makala anapeza ana atatu a malemu mng'ono wawo, ndipo anawalemba onse, n'kuchonga wamkuluyo kuti akufuna malo. Analemba ngakhale mlonda wa kumsika amene ankachita lendi kachipinda kopanda windo, munthu woti samapereka ndi moni womwe. Anthu osawadziwa sanamuvute m'pang'ono pomwe.

Nyumba yawo anaisiya komalizira. Anakhala pakhonde, pepala pabondo. Msuweni anabwera mwakachetechete atanyamula satifiketi yake ya pulayimale, yokutidwa m'pepala la pulasitiki kuti isanyowe.

"Asuweni, mukafika pa ine mulembe zaka khumi ndi zinayi. Ndiye muchonge paja pofuna malo. Kapena mufuna muone satifiketi?"

"Ndamva. Sindine gonthi. Tachoka, ukunditchinga kuwala."

Msuweni anachoka. Tsabola analemba bambo ake pamzere woyamba, ndi zilembo zikuluzikulu zosamala. Pachiwiri analemba mayi ake, pachitatu iye mwini. Atafika pamzere wachinayi anaima. Sanaiwale ayi, tisamunamizire mwana wa eni kuti anaiwala. Anayang'ana kukashedi ka makala, n'kuyang'ana mphasa imene inali itayanikidwa pachingwe, mtima n'kumuuza kuti uyu akapeza sukulu ndiye kuti wakhazikika, zaka zinayi zathunthu, ndipo bambo akadzabwera adzapeza zida zawo zitasanduka dothi. Anatenga rula n'kudula mzere wowongoka bwino kuyambira pachinayi mpaka pansi. Lolemba anapereka mapepala ake, ndipo a Mapu anamuyamikira kuti analemba mwaukhondo.

Patatha masabata awiri mayina anamatidwa pawindo la ofesi ya ahedi. Panali chikhamu cha makolo ndi ana, kukankhana, ena kuseka, ena kutukwana. Tsabola anaima patali pansi pa mtengo, akuona msuweni wake akutsetsereka ndi chala pamapepala atatu aja. Anafika pansi, n'kubwerera pamwamba. Anatero katatu. Dzina la mwana wa kwa mayi ogulitsa makala linalipo, koma lake panalibe. Msuweni anatembenuka n'kuyamba ulendo wa kunyumba, satifiketi ija ataikumbatira pachifuwa.

Mayi ake a Tsabola sanali munthu wongolandira zinthu. M'mawa mwake anatseka mashini, n'kupita kwa ahedi kukafunsa kuti mwana wokhoza bwino chotero wasiyidwa bwanji. Ahedi sanakangane nawo. Anangotsegula kabati, n'kufufuza mumtolo, n'kuwapatsa pepala la nyumba yawo kuti adziwerengere okha.

Tsabola pobwera kusukulu masana anapeza mashini ali chete. Mayi ake anali atakhala pampando, manja pamiyendo, nsalu zili mbwee pansi.

"Tseka chitseko. M'nyumba muno timagona anthu angati?"

Tsabola anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe wophunzira jogalafe. Timagona angati?"

"Atatu."

"Ndani ndi ndani?"

"Ndinalemba a m'banja mwathu," anatero Tsabola, mawu akukwera. "Bambo ndi a m'nyumba muno. Nyumba ino anamanga ndi iwo, chitseko icho anakhoma ndi iwo. Uyo ndi wobwera. Ali ndi kwawo, akamulembe kwawoko."

"Ndachita manyazi ine lero. Ndinapita kukalalatira ahedi, ndikuti mwamuchita chipongwe mwana wa mchimwene wanga, osadziwa kuti chipongwecho ndadya nacho mbale imodzi m'mawa."

"Inu munataya bokosi la bambo kumakala. Munandifunsa? Munthu angobwera, chipinda changa chikhale chake, sopo wake, mayi anga akhale ake, ine ndizingosekerera? Mwawaiwala bambo inu, ndi chifukwa chake."

Mayi ake anadzuka. Tsabola anaganiza kuti khofi likubwera, koma iwo anangomuyandikira mpaka anamva fungo la oyilo wa mashini pa zovala zawo.

"Bambo akowo ukudziwa kumene amagona? Ukaona chithunzi atavala jekete ataima pagalimoto ya eni, umayesa ali ndi nyumba? Amagona m'galaja ya munthu. Anthu asanu, pansi, pa makatoni. Mwini galajayo si m'bale wathu, si wa mtundu wathu, chinenero chathu sachidziwa. Ali ndi ana akenso, ndipo anachotsa njinga zawo m'menemo kuti bambo ako apeze pogoneka nthiti. Chaka chatha atadwala chibayo, kuchipatala anafunsa kuti munthuyu amakhala kuti, ndani akumudziwa. Mwini galaja uja anasaina kuti ndi wa pakhomo pake. Akanakhala ndi mwana ngati iwe, wodula mizere ndi rula, bwenzi pano tikunena zina."

Za chibayo Tsabola anali asanamvepo.

"Sindinakuuze chifukwa ndinkati ndiwe mwana. Lero ndaona kuti wakula, wafika potha kufafaniza munthu."

Chitseko cha kuchipinda chinali chotseguka pang'ono. Msuweni anali m'menemo nthawi yonseyi, atakhala pamphasa yake. Sanalire, sanatuluke. Madzulo anathandiza kutola nsalu zija pansi n'kuzipinda monga mwa masiku onse.

Tsabola anakhala masiku awiri akulimbana ndi mtima wake. Tsiku loyamba anali adakali wokwiya, ndipo anakwiyira aliyense: mayi ake pomubisira, ahedi potulutsa pepala, msuweni posalankhula. Tsiku lachiwiri anasowa womukwiyira. Lachinayi pa buleki anakagogoda kuchipinda cha aphunzitsi.

A Mapu anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Ndiye unalemba munthu amene ali kutsidya la malire, n'kusiya amene umamva kupuma kwake tsiku lililonse. Ine n'kukuyamikira pamaso pa kalasi." Anagwedeza mutu. "Ndinauza komiti kuti ana anga sanama. Akuluakulu ena ankakana, ankati ntchito yotere si ya ana, ine ndinalimbikira. Wandivula iwe. Koma zanga zilibe kanthu. Ukudziwa kuti munthu amene sanawerengedwe, kwa okonza zinthu kulibe? Desiki samuikira, buku samugulira. Amayenda, amadya, amapuma, koma papepala ndi mphepo."

"Sala, ndingakonze bwanji?"

"Komiti ikumana mawa masana. Ine sindikakulankhulira. Pakamwa uli napo, dera lonse limadziwa."

Tsabola anathamangira kunyumba kuti akanene kuti mwina pali njira. Anapeza chipinda chake chitakula. Mphasa panalibe, chikwama cha zipi yothyoka panalibe. Bokosi la zida linali litabwerera pamalo ake akale, litapukutidwa fumbi la makala.

"Walikoka yekha asanapite," anatero mayi ake, ali pamashini. "Kasitomala wanga uja wa kuseri kwa fakitale ankafuna wolera mwana. Msuweni wako anamva, ndipo wadzipempherera yekha. Ndamuletsa, ndamunyengerera, wakana. Akuti sangabwerere kumudzi chimanjamanja, ndipo sangakhalenso pano. Chipinda chako ndi chimenecho, kalowe."

Lachisanu Tsabola anaima pamaso pa akuluakulu asanu ndi awiri a komiti, m'kalasi yatsopano yonunkha penti. Ananena zonse, osachotsera. Wapampando, bambo wina wa imvi amene ankakonza mawailesi kumsika, anamufunsa ngati anachita kuiwala.

"Ayi. Ndinachita dala."

Anamukalipira mokwanira. Mayi wina anati mapepala onse a ana aponyedwe kudzala, ayambirenso. Wina anati mwana wotere achotsedwe sukulu sabata imodzi. Tsabola, amene sankalola mawu a munthu kugwa pansi osawabweza, anaima chilili n'kumeza zonse. Pomaliza ahedi anati pali malo amodzi, chifukwa banja lina linasamuka sabata yomweyo. Analemba kalata n'kudinda.

"Lolemba pa kuitana mayina akhale ali pa desiki. Akapanda kuoneka, malowo tipereka kwa wotsatira. Pali ana makumi awiri akudikira, sitingasungire munthu mpando."

Loweruka m'mawa Tsabola anayenda kudutsa msika, kudutsa fakitale, mpaka kunyumba za mipanda. Anagogoda pageti yobiriwira. Anatsegula ndi msuweni, mwana wa eni ali kumsana, manja ali thovu lokhalokha.

"Ndabwera ndi kalata," anatero Tsabola mofulumira. "Malo apezeka. Ndinakanena kukomiti kuti ndinalakwa ndine. Ukungoyenera kufika Lolemba."

Msuweni anapukuta dzanja limodzi pachitenje, n'kulandira kalatayo. Anaiwerenga pang'onopang'ono mpaka pa chidindo. Kenako anayang'ana Tsabola m'maso, chinthu chimene anali asanachitepo chifikire.

"Ndiye lero ndilipo?"

"Pepa. Ndinalakwa."

"Miyezi iwiri ndinkasamba ndi madzi okha, ukudziwa? Sopo wakoyo sindinamukhudzepo chiyambire tsiku limene unandinena koyamba. Ankatha ndi kuchapa nsalu za makasitomala, koma ndinkati ndikayankha ndikhala wamwano pakhomo pa eni. Ndinkadzuka iwe usanadzuke kuti usaone mphasa yanga. Ndinkadya pang'ono kuti usawerenge. Ndinkati ndipirire, ndikangolowa sukulu zonse zitha." Mawu ake sanali a munthu wofuna kulira. Panalibenso za asuweni, panali iwe basi. "Unkaganiza kuti ndinabwera kudzaona tauni? Ukuganiza kuti ndimakonda kugona pansi m'chipinda cha munthu wondida? Kwathu ndinali ndi bedi ine. Bambo anga anapanga okha. Madzi anatenga."

"Bwerera kunyumba. Bokosi ndichotsa ndekha."

"Bokosi lakolo silinandilakwire." Mwana kumsana anayamba kulira, ndipo msuweni anamugwedeza osachotsa maso pa Tsabola. "Mayi a pano ndawalonjeza chaka. Iwo ayamba kale ntchito chifukwa ine ndilipo. Bambo ndawauza kuti ndapeza pokhala, asadandaule. Tsono ndiwaimbirenso kuti zasintha, chifukwa mtima wa Tsabola lero watembenuka? Nanga ukadzatembenukanso mwezi wamawa?"

"Sudzatembenuka. Chonde, ungofika Lolemba."

M'nyumba munamveka mawu oitana. Msuweni anapinda kalata ija kawiri n'kuilowetsa m'thumba la diresi.

"Ndamva," anatero, n'kutseka geti.

Tsabola anabwerera akudziuza kuti kalata sanaibweze, ndiye kuti abwera. Lamlungu anakoka yekha bokosi lija n'kulilowetsa pansi pa tebulo lodulira nsalu la mayi ake, n'kusesa chipinda chonse.

Lolemba anafika kusukulu geti isanatsegulidwe. Anaima pamenepo akuyang'ana njira ya kufakitale mpaka belu linalira, ndipo mphunzitsi woyang'anira tsikulo anachita kumukankhira m'kalasi. Kalasi ya Fomu 2 inagundana khoma ndi buloko yatsopano, ndipo desiki ya Tsabola inali pawindo. Panja, pakhonde la bulokoyo, panali ana odikira aja ndi makolo awo, atandanda mwakachetechete.

A Mapu anayamba phunziro, koma Tsabola sanamve ngakhale liwu limodzi. Makutu ake anali kuseri kwa khoma, kumene madamu a Fomu 1 ankaitana mayina. Dzina lililonse linkayankhidwa, ena mokweza, ena mwamanyazi. Kenako anamva dzina la msuweni wake, lake pamodzi ndi la bambo ake, lotchulidwa bwinobwino.

Kunali zii.

Madamu anaitananso. Tsabola anadzuka pampando osadziwa kuti wadzuka, n'kusuzumira pawindo. Njira ya kufakitale inali ndi ngolo ya matabwa ndi galu mmodzi. A Mapu anasiya kulemba pabolodi, koma sanamuuze kuti akhale pansi.

Madamu anaitana kachitatu, n'kudikira pang'ono. Kenako chitseko cha buloko yatsopano chinatseguka, ndipo anatulutsa mutu n'kuyang'ana pamzere wa pakhonde uja.

"Wotsatira alowe."